Mtanda Wogona M'dambo la Boreba

Moni kwa inu amene mukuwerenga, kulikonse kumene muli. Ndiyamika Mulungu amene wandisunga ndi kundipatsa mphamvu yolembera, ndiyamikanso inu pondipatsa khutu. Ine ndine Mildred wa ku Boreba, kugombe la kumpoto kwa Papua. Nkhaniyi ndi ya mlongo wanga Lambert, amene anatsala pang'ono kutaya mkazi chifukwa cha nsalu yoyera.

Kwathu timanena moseka kuti pamene Mlengi ankalekanitsa madzi ndi mtunda, ku Boreba anafikako dzuwa litapendeka, ntchitoyo n'kuisiyira mawa. Kutsogolo kwa mudzi kuli nyanja. Kumbuyo kuli dambo la mitengo ya sago ndi ng'ona zake, ndipo kuseri kwa dambolo mapiri amangodzuka mwadzidzidzi n'kukabisa mitu m'mitambo. Pakati pa dambo pali kachitunda kamodzi kokha kamene sikamira, kumene nkhumba zam'tchire zimathawira madzi akadzadza.

Chaka chimene anthu a mapu anabwera, Lambert anali atangotenga Winifred, mwana wa a Cuthbert, mkulu wa mpingo wathu. Anatengana mwa makolo. Wansembe, amene ankatiyendera pa boti nyanja ikalola, anali asanadalitse ukwatiwo, ndipo ukwati wotere uli ngati bwato losamangirira: mwini mwana akakoka, limabwerera. Wopereka maina a maukwati kwa wansembe analinso a Cuthbert omwewo.

Anthu a mapuwo anatera pamchenga ndi helikopita. Panali msilikali wachizungu wofiira ngati nkhanu yophika, ndi Morea, mnyamata wamkulu wa kufupi ndi Port Moresby. Mzungu anapitirira kuphiri. Morea anatsala, ndipo Lambert ndiye ankamupalasira bwato m'timitsinje ta m'dambo. Pakachitunda paja anakumba dzenje, anathiramo simenti, pakati n'kuzikapo chikhomo cha mkuwa. Amayife tinasenza mchenga, choncho ndinalipo pamene anayala nsalu yoyera pansi, mooneka ngati mtanda wa mikono inayi yokumana pachikhomocho, mkono uliwonse kutalika ngati bwato laling'ono.

"Ndege idzadutsa pamwamba kujambula dziko lonseli," anatero Morea. "Koma pachithunzi dambo lanuli ndi phala lokhalokha, popanda pogwira. Mtanda uwu ndi wina wa paphiri lija ndiwo misomali yopachikira chithunzicho. Ukasuntha, mitsinje yanu isuntha nawo. Boti la mankhwala lidzafuna khomo la mtsinje pamene pali mchenga."

"Ndegeyo idzabwera liti?" anafunsa Lambert.

"Tsiku limene phiri lidzavule chipewa."

Amayi anaseka. Wina anati, "Ndiye mungokwatira konkuno, achimwene. Ana anu ndiwo adzaione."

Morea sanaseke nawo kwenikweni. Anati kumudzi wina anasiya mtanda wonga womwewu, koma atadutsako Lamulungu lake anapeza kwaya yonse itavala malaya oyera.

"Ife sitili otero," anatero Lambert.

"Akwayawo ananenanso choncho."

Mlongo wangayo ndi munthu wosachedwa kupsa makutu. Anaimika dzanja, n'kulumbira pa Dzina la Wam'mwambamwamba kuti mtandawo sudzachoka pachikhomo kufikira ndege itadutsa. Amayi ena anali atatsikira kale kumabwato. Amene tinamva ndine ndi Morea basi. A Cuthbert ankatiphunzitsa kuti Mkhristu salumbira konse, mawu ake okha akwane. Munthu wina anali atamuimitsa pa Mgonero nyengo yonse ya mvula chifukwa cholumbira pamkangano wa ukonde.

Ndinamutsina pamkono. "Watani iwe?"

"Musakauze munthu, achemwali."

Morea anakwera kuphiri kutsatira mnzake. Patangopita masiku ochepa a Cuthbert anamva zoti m'dambo muli mtanda, ndipo anapempha kuti tiwaperekeze. Tinapeza nkhumba zitayendapo, mapazi a matope ali mbwee pansalu, pakati penipeni zitasiyapo ndowe. Mkuluyo anavula chipewa.

Mkamwini kwathu satchula dzina la apongozi ake, sawayankha maso ndi maso, ndipo saima pamwamba pa mutu wawo. Mawu awo amadzera mwa munthu wina. Munthuyo ndinali ine, ngakhale awiriwo anaima moyandikana moti akanatha kupatsirana mtedza wotafuna.

"Mildred, funsa mlongo wako ngati kwawo anamuphunzitsa kuti mtanda ndi mphasa ya nkhumba."

"Kwawo ndi kwathu komwe, bambo."

"Ndiye uyankhe ndiwe."

Lambert anayang'ana zala zake za kumiyendo. "Achemwali, auzeni apongozi kuti ichi ndi chizindikiro cha boma chabe. Si cha kutchalitchi."

"Mikono chili nayo ingati?" anafunsa a Cuthbert. "Mtanda ndi mtanda, ngakhale auyale munthu wosabatizidwa. Makolo athu ankabisa nkhope akauona. Ife tiziupereka kwa nkhumba? Muuze auchotse m'matope."

Lambert anamva mawuwo monga anatulukira: auchotse m'matope. M'mawa mwake anatenga nkhwangwa, anadula mphanda za mitengo yosawola ya m'madzi amchere, n'kumanga nsanja yotalika kupitirira mutu wa munthu, yooneka ngati mtanda womwewo. Pamwamba anayalapo timatabwa ta mgwalangwa monga timachitira pansi pa nyumba. Nsalu tinaichapa ine ndi Winifred, iye n'kuikunga pamwambapo ndi zingwe za m'nkhalango. Pakati penipeni anabowolapo, anatsitsa chingwe cha mbedza chomangirira mwala, ndipo anasunthasuntha nsaluyo kufikira mwalawo utalunjika pachikhomo cha mkuwa. Morea sanamuphunzitse zimenezo. Ndi mmene timaimikira nsanamira za nyumba.

"Nyumba yathu ikudontha," anatero Winifred, "koma boma mwalimangira bedi."

"Gwira chingwecho, usalankhule."

"Ndigwira. Mwina usiku lidzatiitana tikagone kwawo."

Tinaganiza kuti nkhani yatha. A Cuthbert anabwera, anazungulira nsanjayo, anagwedeza mphanda imodzi kuona ngati yalimba.

"Ntchito ndi yabwino," anatero. "Koma wodwala ukamukweza pabedi, sanachire. Ukugonabe. Mtanda umaimirira kuti anthu akweze maso. Mildred, muuze kuti pofika Lamulungu nsalu iyi ikhale pamitengo yoimika pabwalo la tchalitchi."

"Auzeni kuti ndege ikangodutsa ndidzauimika ndekha," anatero Lambert.

"Ndegeyo ndi ndani kuti Ambuye aziyembekeza iyo?"

Lamulungu linafika, linadutsa. Lolemba azakhali ake a Winifred anabwera awiri, anakhala pamakwerero a nyumba osalonjera. Mlamu wangayo anadziwa. Anapinda mphasa yake, anaika mphika m'thumba la ukonde, chingwe chake n'kuchikoleka pamutu. Mwana sakana atate ake akamuitana. Atatsika anatembenuka.

"Mukandisowa mundijambule ndi ndege," anatero. Anaseka, koma maso anali ofiira.

Mitambo inakhala paphiri sabata ndi sabata. Lambert ankadya kwathu. Ndinkamuphikira koko, mbatata ya kwathu, wothira mkaka wa kokonati amene ankamukonda chiyambire ubwana, iye n'kungomubayabaya ndi chala. M'mawa uliwonse ankatuluka, kuyang'ana kuphiri, kenako kunyumba ya apongozi ake, kenako n'kupalasa kukaona ngati mwala udakalunjika pachikhomo. Kutchalitchi amuna amakhala mbali yawo, akazi mbali yawo. Ine ndinkatsogolera nyimbo, ndipo ndinkaona awiriwo akuimba mawu amodzi osayang'anana.

"Awuze zoona apongozi ako," ndinamuuza tsiku lina. "Ndi munthu wa Mulungu."

"N'chifukwa chake sindingawauze. Ndikanena kuti ndinalumbira, andiimitsa pa Mgonero, ndipo woimitsidwa sadalitsidwa ukwati. Ndikauchotsa mtanda, ndanamiza Mwini Dzina. Inu mungasankhe chiti?"

"Ine ndikanatseka pakamwa tsiku lija."

"Zikomo, achemwali. Mwandithandiza kwambiri."

Kenako uthenga unafika kuti wansembe abwera mphepo ya kunyanja ikangotembenuka. Akabwera ankakhala masiku owerengeka, ndipo akapita ankapitiratu. A Cuthbert anawerenga m'tchalitchi maina a odzadalitsidwa. La Lambert ndi Winifred munalibe. Anthu anayamba kunong'ona za mphunzitsi wina wa kutsidya kwa mtsinje, mbeta, amene ankadutsa kawirikawiri pakhomo pa mkuluyo kudzabwereka mpeni.

Mphepo inatembenuka m'mawa wina tili m'mapemphero. Tinaimva ikulowa m'zipupa za masamba. Titatuluka, phiri linali mbee ngati mutu wometa, mzere uliwonse wa zigwa zake ukuoneka, ndipo pansonga panali kadontho koyera, mtanda wina uja. Anthu anaima kuyang'ana. Ena mwa ana anali asanalionepo lonse.

Mphepo imene inavula phiri ndi yomweyo yobweretsa boti la wansembe, ndipo a Cuthbert sanafune kuti mlendoyo adzapeze mtanda utagona m'dambo la mpingo wawo. Sanapite n'kunyumba komwe kukavula zoyera za kutchalitchi. Anaitana Winifred kuti awapalasire, ndi adzukulu awo awiri onyamula zikwanje. Lambert anali atathamangira kale kubwato lake. Ine ndinalumphiramo likuchoka.

Tinafika ndife oyamba. Lambert anakhala pansi m'matope pafupi ndi chingwe chija, mutu atazolika. Sakanatha kuchita china. Apongozi suwatsekera njira.

Adzukulu aja atafika pansi pa nsanja anayamba kukankhana.

"Kwera iwe."

"Chinthu cha boma? Kwera ndiwe, uli ndi mano ambiri oti apolisi agulule."

A Cuthbert anawayang'ana, anakwinya nsalu yawo ya m'chiuno, n'kukwera okha. Mawondo awo ankalira ngati nkhuni zouma. Atafika pamwamba anagwada, n'kuyamba kumasula zingwe za mkono wa kunyanja.

Winifred anathyola timitengo tiwiri, anatimanga mopingasa ndi udzu, n'kutizika m'matope pansi penipeni pa atate ake.

"Ababa, tayang'anani pansi. Mukuona chiyani?"

"Ndikuona mwana wosamva."

"Pambali pa mwanayo."

Mkuluyo anasuzumira. "Kamtengo."

"Kamodzi, eti? Mtanda woimirira, a kumwamba amauona ngati kamtengo kamodzi. Wogonawu ndiye akuuona wathunthu. Inu mukufuna kukondweretsa nkhanu kapena a kumwamba?"

Ndinaganiza kuti wawagwira. A Cuthbert anapitiriza kumasula mfundo.

"Mulungu si ndege, mwana wanga. Saona pamutu pokha."

Winifred anawerama. Anazula timitengo take n'kutisunga m'manja, chifukwa kutitaya m'matope atate ake akuona sikukanatheka.

Mfundo yomaliza itamasuka, mphepo inanyamula mkono wonsewo. Nsalu inakwera m'mwamba, inapindika, inagwera pa mkono wina. Pamwamba panatsala chinthu cha miyendo itatu. Ndi pamenepo tinamva kulira kutali kunyanja, kochepa ngati kwa njuchi ili m'chigoba cha kokonati.

Lambert anadzuka. Anagwira mphanda ya nsanja, phazi limodzi n'kuliponda pachopingasa, kenako analichotsa. Akanakwera, akanaima pamwamba pa mutu wa apongozi ake ogwada, pamaso pa adzukulu awo, ndipo zimenezo palibe wansembe akanazikonza. Anandiyang'ana. Ine ndinali wokonzeka kunyamula mawu ake monga mwa masiku onse, koma iye anakweza nkhope.

"Apongozi."

Adzukulu aja analeka kutafuna mtedza wawo. Chiyambireni palibe anamvapo Lambert akuitana mkuluyo.

"Apongozi, ndinalumbira. Ndinalumbira kuti sudzachoka pachikhomo ndege isanadutse."

A Cuthbert anasuzumira m'mphepete mwa nsanja. Nawonso anaiwala kuti ine ndilipo.

"Unalumbira pa chiyani?"

"Pa Dzina."

"Dzina liti?"

"Limene mumatiphunzitsa."

"Pa nsalu ya boma?"

"Inde."

"Chitsiru iwe," anatero, osakweza mawu. "Ndipo ukanandisiya ndichite Dzinalo kukhala labodza ndi manja angawa?"

Kulira kuja kunali kukula. Mkuluyo anakwawa, anagwira nsalu imene inkakupiza, anaikokera pamalo pake. Anayesa kumanga mfundo, koma zala zawo zinali zokalamba ndipo mphepo inkawalanda chingwe. Anasiya. Anagona chafufumimba motsata mkono wa mtandawo, mapazi atapanikiza chapakati, manja atatambasula kugwira ngodya ziwiri za kumapeto. Malaya awo anali oyera, nsalu ya m'chiuno yoyera, ndi tsitsi lomwe.

"Mwala uli pachikhomo?" anafunsa, pakamwa pali patimatabwa.

Lambert anagwada kuyang'ana. "Uli pomwepo."

Ndege inadutsa pamwamba kwambiri, yaing'ono ngati mbalame ya kunyanja, ikuyenda mowongoka kulunjika kuphiri. Inakafika kumeneko, inatembenuka, inabwereranso chapambali pang'ono, monga amayi akamafuna nkhono m'madzi osaya. Inachita choncho nthawi yaitali. Palibe ankadziwa ulendo umene inkajambula ife, choncho mkuluyo sanadzuke. Dzuwa linakwera. Nyerere zofiira za m'mitengo zinali zitamanga njira m'mphanda za nsanja, ndipo tinkaona miyendo ya mkuluyo ikunjenjemera. Anayamba kung'ung'udza nyimbo ya m'mawa ija timaimba potsegula mapemphero. Ine ndinailandira, Winifred analowa ndi mawu ake okwera, adzukulu aja n'kumatsatira pansi. Tinaibwereza mpaka kumwamba kunati zii.

Potsika, adzukulu ndiwo anawalandira. Mkuluyo anasasa nyerere m'khosi, anavala chipewa. Maso awo anadutsa Lambert ngati palibe munthu, n'kufikira pa ine.

"Mildred, uza mlongo wako kuti aimirira pamaso pa mpingo n'kunena chimene anachita. Mgonero sadya kufikira wansembe atamumva. Ndipo mawa mtanda uwu uimirire."

"Wamva, bambo. Nanga mkazi wake?"

"Mkazi wake wakutuma?"

Winifred sanatume munthu. Anali atatenga kale nkhafi yake m'bwato la atate ake, atakhala kutsogolo kwa la Lambert, akukapa madzi ndi chigoba ngati munthu amene sanachokepo. A Cuthbert anamuyang'ana, anayang'ananso nthiti za mkamwini wawo zimene zinkawerengeka.

"Munthu wosunga lumbiro lopusa mpaka kuonda chonchi," anatero kwa ine, "la paguwa sangalitaye. Tenga nkhafi, undipalasire ndiwe. Ana a masiku ano amakusiya pakati pa dambo."

Ndinawapalasira. Njira yonse sananene za mtanda kapena za ukwati. Ankangodandaula nyerere, n'kumandiuza kuti ndikupalasa mokhota.

Mtandawo sunaimirire mawa lake, chifukwa Morea anatsika kuphiri madzulo omwewo n'kupempha kuti auone kaye. Atafika anaima pansi pa nsanja manja ali m'chiuno.

"Ndani wakweza dambo?" anafunsa. "Ndinasiya chizindikiro pansi. Mukufuna mapu anene kuti Boreba ndi phiri?"

Analalata m'chinenero cha kwawo, kenako anagwada, anaona mwala uli pachikhomo. Anatulutsa chingwe chake choyezera, anayeza kuchokera pamkuwa kufika pansalu, n'kunena kuti kutalikako adzakuchotsera powerengera. Anafunsa ngati nsaluyo inali yokungika pamene ndege inkadutsa. Lambert anati inali yokungika.

Boti la wansembe linafika mtanda utaimirira pabwalo, wautali kuposa denga la tchalitchi, ukukupiza mumphepo. Lambert anaimirira pamaso pa mpingo n'kuulula. Wansembe anamumva, anamudzudzula pang'ono, anamumasula. Powerenganso maina a maukwati, a Cuthbert anafika kumapeto, anapinda manja, n'kutchula la Winifred ndi la mwamuna wake, mofulumira ngati akumeza mankhwala.

Inu amene mwakhala nane mpaka pano, Ambuye akupatseni pouma poponda madzi akadzadza. Asunge pakamwa panu polonjeza, alimbitse manja anu posunga chimene mwalonjeza, ndipo amene mumawakonda awabwezere pakhomo panu mumtendere. Amen.